Makapisozi a akulu si a makanda

Akonzi,

Nkhani yanu yotamanda mankhwala opha mabakiteriya inasiya mbali yowawa. N'zoona, penicillin atayamba kupezeka m'ma 1940, ana ambiri odwala chibayo anapulumuka. Koma chakumapeto kwa m'ma 1950 ku America makanda ankamwalira ndi mankhwala ena opha mabakiteriya otchedwa chloramphenicol. Khungu linkatuwa, mimba n'kutupa, chifukwa chiwindi cha khanda sichikwanitsa kuchotsa mankhwalawa m'magazi. Nayenso streptomycin ankachiritsa TB ya mu ubongo, koma ana ena anatsala ogontha.

Kwathu kuno ndimaona amayi akutsegula kapisozi wa akulu n'kusungunulira mwana pa supuni, mlingo wongoganizira. Boma likhwimitse lamulo loletsa kugulitsa mankhwalawa m'magolosale, ndipo alangizi azaumoyo azichenjeza makolo kusikelo.

Wowerenga wanu,
Zomba