Mwana wanga wasanduka Robin Hood, ndimulangize bwanji?

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 38 wokhala ku Area 25 mu Lilongwe, ndipo ndili ndi mwana wamwamuna wa zaka 6. Mwezi watha ndinamuonetsa filimu imene ndinkaikonda ndili mnyamata, The Adventures of Robin Hood ya 1938, ija ya Errol Flynn. Inatuluka nthawi imene mafilimu ambiri anali opanda mitundu, koma iyi anaijambula ndi Technicolor, moti malaya obiriwira a Robin m'nkhalango ya Sherwood amawala ngati achapidwa lero.

Chingerezi sanayambe kumva bwino, choncho ndinkamumasulira. Robin atalowa paphwando la mdani wake Prince John atasenza gwape pamapewa, mwanayo anaimirira pampando. Muvi wa Robin utang'amba pakati muvi wa mnzake pa mpikisano woponya mivi, mwanayo anakuwa mpaka amake kutuluka kukhitchini ndi mthiko m'manja. Pomenyana ndi malupanga pamasitepe anabisa nkhope pachifuwa panga, kamtima kali phaphapha. Sindikumbuka tsiku lina limene tinagwirizana chonchi.

Chimene chandigwetsa m'mavuto ndi pakamwa panga. Ndinamuuza kuti Robin amalanda chuma kwa akuluakulu ofinya anthu ndi misonkho n'kugawira osauka. Sabata yatha anatenga K2,000 m'chikwama cha amake n'kukagulira mandasi ana awiri apafupi nafe amene amapita kusukulu osadya kanthu. Titamufunsa sanakane n'komwe. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Ababa, si munati Robin ndi munthu wabwino?" Ndinasowa pogwira. Ndalamayo inali ya ndiwo, ife si olemera ayi. Wapanganso uta wa nsungwi, nkhuku za aneba sizikuona mtendere, koma izo n'zazing'ono, uta ndamulanda.

Amake akuti ndamuphunzitsa kuba. Akufuna akwapulidwe, ndipo mafilimu otere asadzaonerenso. Sindikuwatsutsa kuti kutenga chinthu osapempha n'kulakwa. Koma mwanayu anaona anzake ali ndi njala pamene ife akuluakulu timangowadutsa tsiku ndi tsiku, ndipo ndikuopa kuti chikoti chichotsa kuba pamodzi ndi chifundo chomwe.

Aphungu, mwana wa msinkhu umenewu ndimufotokozere bwanji kuti asiyanitse ziwirizi? Kodi ndinafulumira kumuonetsa filimuyi? Nanga amake ndiyankhule nawo motani, poti m'nyumba tikungoyankhulana mwa apo ndi apo? Dzulo wandifunsa kuti tionera liti kachiwiri, ine ndangoti mawa.

Ine bambo wothedwa nzeru,
Area 25, Lilongwe