Konsati ya Phish si yomvera chimbale

Akonzi,

Mundilole ndiyankhe amene amadandaula kuti oimba a Phish, gulu la rock lomwe linayamba mu 1983 ku Burlington m'dziko la America, amatalikitsa nyimbo mpaka kutopetsa. Kutalikitsako n'kumene anthu amalipirira pakhomo.

Konsati yawo imakhala ya zigawo ziwiri, pakati n'kupumula. Nyimbo imayamba monga mwa nthawi zonse, koma mavesi akatha amaisiya n'kuyamba kupeka pomwepo, nthawi zina kupitirira mphindi 20. Jon Fishman pa ng'oma ndi Mike Gordon pa gitala ya besi amagwira mayendedwe, Trey Anastasio n'kuponya kachidutswa pa gitala, Page McConnell n'kukayankha pa kiyibodi. Akamvana, nyimbo imasintha kiyi popanda wokodola mnzake. Zimasokonekera wina akaleka kumvetsera anzake: gitala imathamanga yokha, ena n'kumangobwereza makodi (ma chord) awiri omwewo, ndipo apa wodandaula sanama, zimatopetsadi.

Pokhalira pamathandizanso. Kufupi ndi steji mumaona bwino zala za oimba, koma mawu a sipika imodzi amaphimba zina zonse. Khalani pafupi ndi tebulo la wosakaniza mawu, pakati pa holo, chifukwa iye amakonza mawuwo malinga ndi zomwe akumva pamenepo. Zotsekera m'makutu musaiwale, ndi maola pafupifupi atatu a phokoso.

Ndipo musapite mukuyembekeza nyimbo yomwe mumaikonda. Mu 2017 anaimba masiku 13 mu holo yaikulu ya Madison Square Garden ku New York osabwerezako nyimbo ngakhale imodzi.

Ine wanu,
Wokonda nyimbo za rock