Kalata ya Abusa: Za Mitengo ndi Ndiwo za Pabwalo Lathu

Okondedwa akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano, achinyamata ndi akhristu nonse kuno ku Harare, chisomo ndi mtendere zikhale nanu.

Ndikulemba za bwalo la tchalitchi chathu. Mukukumbukira 2024, pamene mvula inakana mpaka boma linalengeza mu Epulo kuti dziko lili pa ngozi ya chilala. Kapinga wathu anauma gwa. Tinkamuthirira ndi madzi a pamjigo, pomwe amayi ena atafola ndi zigubu kuyambira mbandakucha. Zimenezi zinandipweteka mtima, ndipo mpaka lero sindinaziiwale. Koma mtengo wa msasa uja wa kumpanda, umene palibe anauthirirapo ngakhale kapu imodzi, pofika Seputembala unaphuka masamba ake ofiira monga umachitira chaka chilichonse. Mtengo umenewu ndi mwana wa nthaka ino, dzuwa la kuno unalizolowera.

Jakaranda wa m'misewu yathu anachokera ku South America. Ndi wokongola, sindikuti timudule. Koma lantana wa kuseri kwa zimbudzi uja, chitsamba chachilendonso, achoke, chifukwa akafalikira chomera china sichimera. Mbalame, njuchi ndi agulugufe akuno chakudya chawo chili pa mkuyu, mthethe, mateme ndi masuku. Amene munapitako ku nkhalango ya Mukuvisi Woodlands munamva nokha phokoso la mbalame m'katikati mwa mzinda. Ngakhale bowa wakutchire amene mumagula ku Mbare Musika amamera pansi pa misasa ndi misuku, pakuti iye ndi mizu ya mitengoyi amadyetsana. Mtengo ukagwa, bowa nayenso watha.

Tsiku lina tikukonza bwalo, anyamata athu ankapalira zonse mosasankha. Agogo ena anagwira khasu la mmodzi wa iwo nati, "Ana inu, mukutaya ndiwo!" Anawerama n'kuyamba kutola luni ndi bonongwe, zimene anzathu kuno amati nyevhe ndi mowa, n'kumanga m'chitenje. Ndinachita manyazi, chifukwa amene ndinalamula kupalirako ndine. Makolo athu pochoka ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi anakhalira ndiwo zomwezi, zomera zokha ndi mvula yoyamba, zina n'kufutsa kuti adye m'chilimwe. Pa Genesis 2:15 Mulungu anaika munthu m'munda kuti aulime ndi kuuyang'anira, ndipo agogowa anauyang'anira kuposa ine.

Choncho akulu a mpingo tagwirizana kuti Loweruka loyamba la Disembala, tsiku limene Zimbabwe yonse imabzala mitengo, tidzakumane pabwalo 7 koloko m'mawa ndi makasu. Mukadya masuku, mazhanje aja, musataye njere. Zifeseni msanga, chifukwa zikauma sizimera bwino, ndipo musakanize dothi lotapa pansi pa msuku waukulu kuti mbande igwire. Msuku umachedwa kubereka. Ena a ife sitidzalawa zipatso zake, koma ana a Sande sukulu adzatola. Masamba ouma tisawotchenso, tiziphimbira nawo nthaka kuti chinyezi chikhalitse.

Inu okhala m'mafulati ku Mbare, chitini chakale pakhonde chikwanira luni. Amene muli ndi mbewu ya chitambe, nzama kapena denje, mukapereke kwa amayi a Chigwirizano Lamulungu likudzali tikaweruka mapemphero.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.