Lipoti la Msonkhano wa Aphunzitsi Oyang'anira Makalabu a Mtsutso

Wapampando ndi aphunzitsi anzanga,

Msonkhano umene munanditumako unachitika pa Tsiku la Filosofi (phunziro loganiza mozama za moyo, choonadi ndi khalidwe), lomwe bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, linayambitsa mu 2002 ndipo limakhala Lachinayi lachitatu la Novembala. Tinakambirana za chimwemwe, za maganizo ndi thupi, komanso kaganizidwe kolondola.

Nkhani ya chimwemwe ndiyo inadya nthawi. Wotsogolera anayamba ndi akatswiri awiri a filosofi a ku Greece wakale: Epicurus, amene ankati chimwemwe ndi thupi lopanda ululu ndi mtima wokhala m'malo, kenaka Aristotle, amene ankayang'ana moyo wonse wa munthu ndi khalidwe lake, osati tsiku limodzi lachisangalalo. Atatero anaponya funso la mu 1974 la Robert Nozick, katswiri wa filosofi wa ku America: patakhala makina olumikiza ku ubongo, oti muzimva ngati mwakolola zochuluka, ana aphunzira, anthu akukulemekezani, koma zonsezo zisakuchitika, mungalowemo moyo wanu wonse?

Ambiri tinakana msangamsanga. Mayi wina anati iye angalowe, ndipo anatinena kuti tikukana chifukwa takhuta. Wogona ndi njala kapena wodwala matenda osachiritsika sangayankhe ngati ife. Kunena zoona, palibe anamuyankha mayiyo mokwanira. Amene anayandikira ndi bambo wina yemwe anafunsa kuti ukalowa m'makinamo, ana ako enieni atsala ndi yani. Koma nanga wopanda womudalira? Pamenepo tinasiyana osagwirizana.

Za maganizo tinangodutsamo. René Descartes, katswiri wa filosofi wa ku France, ankati maganizo ndi thupi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mu 1643 Elisabeth, mwana wamkazi wa mfumu ya ku Bohemia, anamulembera kalata yomufunsa kuti chinthu chosakhudzika chingasunthe bwanji mkono. Funsolo likadalipo mpaka lero.

Gawo lothandiza ana athu mwachangu ndi lomaliza. Anatipatsa chiganizo ichi: mvula ikagwa pabwalo pamanyowa, pabwalo panyowa, ndiye kuti mvula yagwa. Angapo anavomera, kuiwala kuti wina akhoza kuthira madzi posesa. Kulakwitsa komweku timakumva pa mitsutso ya ophunzira, ndipo oweruza sakuzindikira.

Ndikupempha komiti ivomereze kuti teremu ikubwerayi tizipatula mphindi 15 pa kukumana kulikonse zoyeserera ziganizo zoterezi, ndi kuti funso la Nozick likhale mutu wa mtsutso wa Fomu 3 ndi Fomu 4. Mapepala amene anatigawira ndasiya kwa alembi.