Kalata yotseguka kwa a Khansala athu: msewu wathu wasanduka galaja

Zikomo a Khansala,

Ndakulemberani pagulu dala chifukwa nkhaniyi si yanga ndekha, ndikudziwa kuti ku 47, ku 25 ngakhale ku 18 kuli anzathu amene akawerenga anena kuti eeh ndi zomwezo kunonso. Ine ndimakhala ku Area 49 kuno ku Lilongwe, mu layini yathuyi ndatha zaka zoposa 20, ana anga onse akulira pompano. Pa 16 September 2025 tinaima pamzere dzuwa likuswa mtengo kukavota, nde lero mundilole ndikudandaulireni, paja mwana akalira amalirira kholo.

Poloti yoyang'anizana ndi kwathu panali nyumba imodzi, ya madala ena opuma pantchito, ndi mtengo wamango umene ana a layini yonse anakulira. Madalawo anagulitsa n'kubwerera kumudzi. Amene anagula anagwetsa zonse, mango omwe, n'kukwezapo mafulati 12, ena pansi ena pamwamba, khoma mpaka kukhudza fensi mbali zonse. Malo opakapo galimoto mkatimo ndi a galimoto 4 basi, mwina 5 akapanikizana ngati matemba. Koma matenanti ake ndi achinyamata apantchito, aliyense ali ndi kake, ka Sienta, ka Passo, ka Vitz, ena banja limodzi ziwiri. Tsiku lina ndinachita kuwerenga madzulo ndinapeza 15. Nde zotsalazo zigona kuti? Zimagona mumsewu, mbali iyi ndi iyo, ina mphuno ili pageti panga.

Ndikuuzeni zimene zandichititsa kuti ndilembe. Mwezi wathawu apongozi anga amene timakhala nawo BP inawakwera usiku cha m'ma 2 koloko, akungobuula, maso ali gwa. Ndinathamanga kukaliza galimoto kuti tithamangire ku chipatala cha Central, ndikutsegula geti ndikupeza Sienta yoyera yatseka pakati penipeni, ngakhale wilibala sikanadutsa. Ndinaliza hutala mpaka agalu a layini yonse anadzuka koma mwini wake ayi. Mlonda wa pamafulatipo akuti bwana eni ake ali pamwamba koma chitseko chake ndi chiti sindinganene, nde tangoganizani munthu wamkulu ngati ine ndili ndi kabudula wogonera kugogoda zitseko za eni ake chimodzichimodzi, ena akuyesa wakuba, wina anachita kundiyankha pawindo kuti amdala mwaledzera kapena. Mapeto ake mayi a kunyumba ndi mnyamata wathu anawanyamula agogowo pa chitenje mpaka pakona pamene aneba ena anatithandiza ndi galimoto yawo. Anachira, Mulungu ndi wabwino. Mwini Sienta uja anabwera m'mawa kudzapepesa, mwana waulemu ndithu mpaka ndinachita manyazi kuti ndinamulalatira, anati bambo ndikafika mochedwa malo amakhala atatha nde ndipake kuti. Funso limenelo ine linandisowetsa chonena.

Musandimve molakwa a Khansala, ine sindikudana ndi mafulati. Mwana wanga woyamba naye akuchita lendi fulati ku 25 ndipo popanda zimenezo bwenzi ali pakhomo pano ndi mkazi wake. Anthu achuluka mumzinda muno, kalembera wa 2018 anapeza kuti Lilongwe yatsala pang'ono kukwana anthu 1 miliyoni ndipo kuyambira pamenepo anthu akungobwerabe, onsewo akufuna pogona. Koma timisewu ta m'malayini mwathumu tinalambulidwa ndi maganizo a kale, likulu litangosamuka kuchoka ku Zomba mu 1975, nthawi imene poloti imodzi inali ya banja limodzi ndipo bambo akakhala ndi njinga ya Humber ndiye kuti ndi bwana. Pano galimoto za ku Japan zikungolowa pa Songwe kuchokera ku Dar tsiku ndi tsiku. Boma lakuza misewu ikuluikulu inde, interchange ya pa 18 tikuyiona, msewu wa Kenyatta anaukuza, tikuyamika, koma galimoto sigona pa interchange. Ikaweruka imadzagona kuno.

M'mawa ndiye bwerani mudzaone. Kuyambira 6 koloko mpaka cha m'ma hafu 7 msewu umatsala kampata ka galimoto imodzi, wina akufuna kutuluka wina akubwerera rivesi, a kabaza a njinga zamoto akulowerera pakati osachepetsa liwiro, ndiye ana asukulu ndi zikwama zawo kumbuyo akuyenda mphepete mwa ngalande chifukwa poyenda pawo pagona galimoto. Kamwana ka sitandade 1 kakatulukira kuseri kwa Sienta simungakaone, ndi kafupi kuposa boneti. Tinasonkherana tinaika mahampu a dothi awiri, mvula yoyamba inakokolola. Ngalande nayo masilabu ake anaphwanyika chifukwa chopondedwa ndi matayala daily, nde ikagwa mvula madzi m'malo motsata ngalande amalowa m'mipanda mwa anthu, kwa aneba anga a kumunsi anafika mpaka pakhonde.

Za maliro ndiye musanene. Titataya mnzathu mulayini muno tenti tinasowa poyika, lole yonyamula anthu kupita kumanda inakanika kukhota inaima kutali azimayi n'kumayenda wapansi ndi nkhata m'manja. Ndipo ine chimene chimandisowetsa tulo ndi moto. Mafulati aja aliyense akuphikira gasi kapena mbaula magetsi akazima, tsiku lina kukabuka moto usiku galimoto ya ozimitsa moto ija ndi yaikulu, idzalowera pati? Tikakhala ndi mpira waukulu pa Bingu Stadium ndiye zimachita kunyanya chifukwa obwera kudzaonera nawo amasakasaka popaka m'malayini momwemuno, koma zimenezo ndi za tsiku limodzi timapirira.

Alandilodi a mafulatiwa tinayesa kukamba nawo kudzera kwa a block leader. Anabwera kamodzi, osatsika n'komwe m'galimoto, galasi lotsitsa theka, akuti msewu ndi wa boma si wanu. Chabwino ndi wa boma, nde n'chifukwa chake ndabwera kwa inu. Lendi akulandira ya makomo 12 mwezi ndi mwezi koma pakingi tikuwalipirira ndi ife ndi mageti athu.

Lamulo lilipo, Physical Planning Act ya 2016, limati munthu asanamange apeze chilolezo ndipo pulani yake ionedwe. Chimene ndikupempha ine n'chakuti inu monga maso athu ku khonsolo mukaitanitse pulani ya pamalopa muone ngati zimene zinajambulidwa papepala ndi zimene zaima pansi, chifukwa anthu ena amajambula pakingi yabwinobwino pofuna chidindo kenako pomanga malo aja n'kuikapo mafulati ena awiri. Ndipo nkhaniyi mukaitule pa msonkhano wa makhansala onse kuti aliyense womanga makomo ambiri pa poloti imodzi azisonyeza pogona galimoto za matenanti ake mkati mwa mpanda, akalephera achepetse makomo, komanso oyendera azibwera nyumba ili pa fawundeshoni osati itafika kale pa malata poti pamenepo ndani angagwetse. Ife oyandikana nafenso tizifunsidwako, ngakhale kungotiitana pansi pa mtengo kwa a block leader, osati kungodzidzimuka njerwa zatsitsidwa. Panopa kumunsi kwa layini yathu poloti inanso yagulidwa ndipo mchenga wayamba kale kubwera.

Za mafulati amene anamangidwa kalewa sindikunena kuti agwetsedwe ayi, muli anthu. Koma chakumsika kuli malo amene angokhala tchire ndi zinyalala, bwanji osawasalaza n'kuika mlonda ndi getsi kuti matenanti azisiya galimoto kumeneko usiku n'kumalipira kangachepe, achinyamata awiri atatu apezapo ganyu. Ma city rate timalipira, malisiti ndili nawo mu envelopu, ena a chaka chimene mwina inu munali musanayambe ndale.

Ndikukuitanani mubwere tsiku la pakati pa sabata, Lachiwiri kapena Lachitatu, hafu 6 m'mawa, osati Lamulungu masana pamene msewu umaoneka waulemu. Mukafunse kwa a block leader akulozerani nyumba ya geti lobiriwira, tiyi mudzampeza. Galimoto yanu mudzaisiye pakona paja pogulitsa makala, kuno siifika.

Ndine wanu,
Mzika ya mu wodi yanu, Area 49