Za sarabande ya Weiss imene unanditumizira

Mwana wanga,

Sarabande ija, nyimbo ya gule wodekha ya Weiss, katswiri wakale wa lute (chida cha nsambo chonga gitala), ndaimvera kasanu, kawiri tili ndi amayi ako pakhonde, katatu ndekha usiku kutakhala zii. Dzanja lako lakhwima. Chala chachikulu sichikusocheranso m'nsambo za besi monga chinkachitira chaka chatha, ndipo pa lute ya mizere 13 ya nsambo zimenezi si zamasewera. Koma unandifunsa za mmene unakometsera gawo lililonse polibwereza, ndiye ndikuuza mosapsatira mawu: ulendo woyamba ndinamva Weiss, ulendo wachiwiri ndinamva zala zako zokha.

Pafupifupi noti iliyonse yaitali unaipachika chokometsera. Pamene gawo loyamba likutha, trill yako, kusinthanitsa mofulumira manoti awiri oyandikana kuja, inatalika mpaka besi inazilala iwe usanafike potera. Amayi ako sadziwa tablature, kalembedwe ka nyimbo za lute kaja, koma anatukula mutu n'kufunsa kuti, "Kodi ndi nyimbo yomwe ija?"

Ndikudziwa chimene chikukukoka. Anthu a nthawi ya Weiss sankayembekezera kuti woimba abwereze gawo ngati kaseti, ndipo ukulondola kufuna kusintha. Koma taona mmene Weiss analembera. Kakoma kaja kamene amaika kumanja kwa chilembo cha noti kamangokuuza kuti noti iyambire pamwamba. Kaya kukhala kutsamira kamodzi n'kutsika, kaya trill yaifupi, kaya yaitali, wakusiyira iwe. Ufulu wako wayambira pomwepo, usanawonjeze kanthu. Ulendo woyamba tsamira pa noti yapamwambayo nthawi imodzi ndi besi, uisiye iwawe pang'ono m'khutu, kenako chala chitsike mwakachetechete. Pobwereza, malo omwewo ndiye uwatsegule akhale trill. Womvera akumbukira zimene anamva poyamba, ndipo aona kuti zakula.

Usaiwale kuti lute ilibe mpweya wautali ngati vayolini. Ukakhudza nsambo kamodzi, mawu amayamba kufa nthawi yomweyo, ndipo zokometsera zonse za dzanja lamanzere zikudya mphamvu ya kukhudza kumodziko. Trill ya maulendo atatu yomveka bwino imaposa ya maulendo asanu ndi awiri imene mchira wake wangotsala phokoso la zala pakhosi pa chida. Ine ndinaphunzira izi mochedwa pa gitala yanga, nditatha zaka ndikuimba nyimbo za Weiss zosamutsidwa kuchokera ku lute, ndipo nsambo za lute n'zofewa kuposa pamenepo.

China n'chakuti sarabande ndi gule. Imagunda katatu, ndipo kawirikawiri imalemera pa kugunda kwachiwiri. Pobwereza paja timanoti tako tothamanga tinadzaza malo onse, kulemera kuja kunasowa. Yesa izi: imba besi yokha, uziyenda m'chipinda mwako pang'onopang'ono motsata iyo. Ukabwezeretsa mawu apamwamba, chokometsera chilichonse chimene chikukupunthwitsa phazi uchichotse.

Ukafuna kuona mmene iwo eni ankadzazira gule ndi manoti ambiri osamuwononga, pita ku ma double, kumene gule yemweyo amalembedwanso ndi manoti ochuluka. Mu suite (mndandanda wa magule) ya wopeka nyimbo Bach ya nambala BWV 997, gule wotchedwa gigue ali ndi double yake: manoti achuluka, koma mafupa a nyimbo ali pomwepo, ukhoza kuwaloza ndi chala. Awiriwa anakumana ku Leipzig mu 1739, Weiss atachokera ku Dresden kumene anatumikira kunyumba yachifumu kuyambira 1718 mpaka imfa yake mu 1750. Ndimaganiza kuti munthu wozolowera kuimbira makutu otere sakanabisa nyimbo yake pansi pa zokongoletsa.

Pa petite reprise ya kumapeto, pamene timizere tomaliza timabwerezedwanso, ndikupempha chinthu chimodzi. Timizere tochepa timeneti womvera watimva kale kawiri. Usatiwonjezere kanthu. Sunthira dzanja lamanja kufupi ndi duwa, bowo lokongoletsedwa lija la pamimba pa lute, kuti mawu afewe, uchotse ngakhale trill imene unaika pobwereza, utiimbe motsitsa.

Aphunzitsi ako akaona mosiyana, uwamvere bwino, chifukwa iwo chidacho amachigwira tsiku ndi tsiku. Koma ujambulenso kawiri, kamodzi monga unachitira, kamodzi monga ndakuuziramu, unditumizire zonse ziwiri Lamlungu likudzali. Amayi ako akupereka moni, akuti uzivala zofunda manja potuluka, kuzizira kungakuumitse zala.

Ndine bambo ako.