Mtendere umene ndinaupeza pakhomo la chipinda cha opaleshoni wandithawa

Azakhali,

Ndakhala ndikuwerenga danga lanu kwa zaka zambiri, ndipo sindinkaganiza kuti tsiku lina nanenso ndidzakulemberani. Ndili ndi zaka 47. Bambo akunyumba ndi munthu wofatsa, sayendayenda, ndipo ana athu atatu akula. Mwina mukawerenga muziti mayi uyu wakhuta, akusowa chodandaula. Komabe ndiloleni nditule zakukhosi, chifukwa nkhaniyi ndayesa kuuza anthu angapo ndipo aliyense wandikokera kwake.

Chaka chatha ndinachitidwa opaleshoni yochotsa chotupa m'chiberekero. M'mawa wa tsikulo anamwino anandivula zonse: mphete yaukwati, ndolo, mpango wakumutu, ngakhale magalasi. Foni ndinasiyira mwana wanga wamkazi. Anandiveka chovala chachipatala chija chomanga kumsana, n'kundimanga kalamba kolembedwa dzina langa padzanja. Kenako anandikankha pa bedi lamatayala, n'kundisiya ndekha m'khonde kudikira kuti chipinda chikonzedwe. Ndinakhala pamenepo mphindi mwina 20.

Ndinkayembekezera kuti mantha andigwira. Anandigwiradi, koma kwa kanthawi kochepa. Kenako mumtima munangoti zii. Panalibe wondifuna. Sindinali mayi wa munthu, mkazi wa munthu, msungichuma wa amayi kutchalitchi kapena wachiwiri kwa bwana kuntchito. Maudindo onsewo anatsala m'chikwama pamodzi ndi zovala. Chodabwitsa n'chakuti atandichotsera zonsezo, ine ndinatsalabe. Panali munthu wina wake m'kati mwangamu, wodekha, wosafuna kuyamikiridwa, amene ndinamuzindikira ngati mmene umazindikirira mnzako amene munasiyana muli ana. Sindinapemphere ndi mawu. Ndinangodziwa kuti Mulungu alipo ndipo ine ndine wake, kaya ndidzuka kaya sindidzuka. Musandiyese wobwebweta chifukwa cha mankhwala, azakhali, pamenepo n'kuti asanandibaye jakisoni wogonetsa.

Ndinadzuka, ndinachira, ndipo patatha miyezi iwiri ndinabwerera kuntchito. Mtendere uja sunabwerere nane. Masiku ano ndimadzuka 3 koloko usiku mtima ukugunda, mutu uli wodzaza ndi zinthu zosafunika kwenikweni: uthenga wa pa WhatsApp umene sindinayankhe, mawu amene mnzanga anandilankhula pamsonkhano, lipoti la ndalama za gulu. Kuchipatala anandiyeza BP ndi shuga, akuti zonse zili bwino. Kupemphera ndimapemphera, m'mawa ndi madzulo, koma mapemphero anga asanduka ngati mndandanda wa zogula. Ndimatchula ana, odwala, ntchito, n'kunena ameni, mtima uli kwina. Kutchalitchi anthu amanditenga ngati mzati. Akamandiyamikira pagulu ndimamwetulira, koma m'kati ndimamva ngati ndikuba ulemu wa munthu wina.

Kale ndinkaganiza kuti moyo wauzimu ndi chinthu chimene munthu amachita kumanga, lero njerwa, mawa njerwa, mwa kutumikira ndi kusajomba. Pakhonde paja ndinaona ngati chinthucho chinalipo kale, ine ndinangochikwirira. Nkhani ya mwana wolowerera pa Luka 15 ndaimva kuyambira ndili mtsikana, koma tsopano ndi pamene ndaona kuti mnyamata uja asanayambe ulendo wobwerera, anayamba wakumbukira kuti iye ndi mwana wa yani. Uwana wake sunathe pamene ankadyetsa nkhumba. Vuto langa n'lakuti ine sindinapite kudziko lakutali. Ndatayika ndili pakhomo pa Atate, ngati mkulu wake uja amene ankagwira ntchito mokhulupirika koma mtima uli wowawa.

Ndiye ndinayamba kufunsa. Mwana wanga wamkazi ananditumizira mavidiyo a pa YouTube ophunzitsa kukhala chete: ukhale mowongoka, utseke maso, uzimvetsera mpweya wako ukulowa ndi kutuluka, maganizo akabwera uwasiye adutse. Ndinayesa kwa sabata imodzi, mphindi 10 m'mawa uliwonse. Masiku oyamba maganizo ankachita kupikisana ngati ana otuluka m'kalasi. Tsiku lachisanu ndinamva kafungo chabe ka mtendere uja, ndipo ndinalira.

Nditauza mkulu wina wa mpingo amene ndimamulemekeza kwambiri, nkhope yake inasintha. Anati zimenezo zinachokera kuzipembedzo za kum'mawa, ndipo ananditsegulira Mateyu 12, pa mzimu woipa umene umabwerera n'kupeza nyumba ili yosesa koma yopanda munthu, n'kukatenga inzake 7. Anati mutu wa Mkhristu sufunika kukhala wopanda kanthu, ndipo mankhwala a mtima wouma ndi kusala kudya ndi kuwonjezera utumiki. Ndinachita mantha, ndinasiya. Koma kunena zoona, azakhali, utumiki womwewo ndi umene wanditopetsa. Mungamuuze munthu womira kuti amwe madzi ambiri?

Mnzanga wakuntchito, mayi wachisilamu amene takhala desiki imodzi kwa zaka 11, anandimvetsera mosandidula. Iye anati kwa iwo nkhaniyi si yachilendo, chifukwa Korani pa sura 13 imaphunzitsa kuti mitima imakhazikika pokumbukira Mulungu, ndipo munthu mwachibadwa ndi woiwala, n'chifukwa chake amaitanidwa kasanu patsiku kuti asiye zonse. Sanandikope kuti ndilowe chipembedzo chake, ndipo inenso sindikufuna kusiya changa. Koma mawu oti kukumbukira anandikhudza, chifukwa ndi omwewo amene ndinali nawo mumtima.

Bambo akunyumba nawo ali ndi maganizo awo. Akuti ndi msinkhu chabe, thupi la mzimayi likamasiya kusamba limasokoneza tulo ndi mtima, ndipite kwa dokotala akandipatse mankhwala. Mwina pali choonadi pamenepo, sindikukana. Chimene chimandiwawa n'chakuti ndikayamba kuwafotokozera za pakhonde paja amangoti, "Amayi, chachikulu munachira," n'kukweza wailesi.

Pandekha ndakhala ndikubwerera ku 1 Mafumu 19. Eliya anatopa mpaka kupempha imfa, anayenda masiku 40 kukafika kuphiri la Horebu, ndipo kumeneko kunadutsa mphepo yamkuntho, chivomezi ndi moto, koma Mulungu sanali m'zimenezo. Anadza m'kamawu kakang'ono, kachete. Ngati mneneri wamkulu chotero anafunika bata kuti amve, kodi kukhala chete kwanga kungakhale tchimo? Komanso ndikuona kuti Eliya sanaloledwe kukhazikika kuphangako, anauzidwa kuti abwerere kuntchito yake. Apa ndi pamene pandisokoneza. Sindingathawire kuphiri. Ndili ndi apongozi odwala amene amadalira ine, ntchito sindingasiye, ndipo amayi kutchalitchi akufuna kundisankhanso chaka chino. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine nthawi yodekhayo ndiitenga kuti? Ndikangokhala pansi, wina waitana kale.

Pali chinanso chimene ndikuchita nacho manyazi. Nthawi zina ndimalakalaka nditadwalanso pang'ono, osati kufuna kufa ayi, koma kuti ndigonekedwe anthu andileke. Maganizo amenewa akandibwerera ndimadziwa kuti penapake zinthu sizili bwino.

Ndithandizeni, azakhali. Kodi ndibwerere kukhala chete m'mawa ngakhale mkulu uja anandiletsa, kapena pali njira ina yopempherera mwakachetechete imene singandiike pangozi imene ananena? Ndikakana udindo wa msungichuma, ndikane ndi mawu otani kuti anzanga asaone ngati ndabwerera m'mbuyo kapena ndanyada? Nanga bambo akunyumba ndiwafikire bwanji kuti andimvetse kuti sindikudandaula za iwo? Chisankho cha amayi chili mwezi wamawa, ndipo dzina langa alilemba kale.

Ine mwana wanu,
Mayi wosowa tulo